Musamaopseze akhristu kuti mabuku adzawatulutsa mumpingo

M'maparishi mwathu muli mkangano wosatha, ndipo masiku ano wasamukira m'magulu a pa WhatsApp a makwaya ndi a miphakati. Munthu akangofunsa chifukwa chimene Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73 pamene la anzathu a CCAP lili ndi 66, kapena chifukwa chimene tsiku la Pasaka limasinthasintha chaka ndi chaka, sipalephera wina womudula pakamwa: "Mwayamba kuwerenga zambiri inu, samalani mungatuluke mumpingo." Ena amamuikira kumbuyo wofunsayo, ena amati akufuna kuoneka wophunzira, mapeto ake funso lija limafera m'mazira. Ine ndili mbali ya ofunsa ndi owerenga. Mkatolika ayenera kuwerenga, kuyambira Baibulo, kubwera mabuku a Mpingo, mpaka mabuku a mbiri, a sayansi ndi nthano zolembedwa bwino. Ndikupitirira pamenepo kunena kuti parishi iliyonse ili ndi udindo wosunga mabuku obwereketsa kwa akhristu eni ake, ndipo udindo umenewu suchepa poyerekeza ndi kumanga mpanda kapena kugula zokuzira mawu.

Amene amaopa mabuku sindiwatenga ngati mbuli, chifukwa mantha awo ali ndi gwero. Anaona mwana amene anali wotumikira pa Misa, wosajomba ku Tilitonse (maphunziro a ana a kutchalitchi), atapita kusukulu ya ukachenjede n'kubwerako akunena kuti Adamu ndi Hava ndi nthano chabe, ndipo kutchalitchi anasiya. Anaonanso mayi wa m'bungwe la amayi amene analandira timabuku kwa alaliki oyenda khomo ndi khomo, patapita miyezi yochepa n'kumveka kuti wabatizidwanso kwina. Pamaso pa makolowa, chimene chinalowa pakati ndi pepala lolembedwa, choncho njira yotetezera nkhosa ndi kuzitalikitsa ku mapepala. Zimene anaonazo zinachitikadi. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa chimene chinagwetsa anthu awiriwa. Mnyamata uja maphunziro ake a masamu ndi a sayansi anakula naye mpaka ku yunivesite, koma maphunziro ake a chikhulupiriro anaima tsiku limene analandira Ulimbitso. Anakakumana ndi mafunso a munthu wamkulu atanyamula mayankho a mwana wa sitandade 7. Palibe anamuuzapo kuti Mpingo suwerenga mitu yoyambirira ya Genesis ngati buku la sayansi. Mayi uja naye anafunsidwa kuti n'chifukwa chiyani mumati "bambo" kwa wansembe pamene Mateyo 23:9 akuletsa, iye n'kusowa chonena, chifukwa sanaonepo kuti pa 1 Akorinto 4:15 Paulo mwiniwake akudzitcha bambo wa akhristu a ku Korinto. Anafunsidwa za kupempherera akufa, osadziwa kuti nkhaniyo ili pa mutu 12 wa buku lachiwiri la Amakabeo. Onse awiri anagwa chifukwa chowerenga mbali imodzi yokha, ndiponso mochedwa. Alimi a fodya amadziwa kuti mbande imafunika kuikhwimitsa ikadali pa nazale, apo ayi dzuwa la tsiku loyamba kumunda limaifotetsa. Ife tikuwokera akhristu osakhwimitsa, kenako n'kumadandaula za dzuwa.

Ndipotu mayankho ake alipo, ndi okoma kuwadziwa. Mabuku 7 amene amasiyanitsa Mabaibulo athu, monga Tobiti, Yuditi, Baruki ndi awiri a Amakabeo, anali m'Chipangano Chakale cha Chigiriki chimene akhristu oyamba ankagwiritsa ntchito, ndipo misonkhano ya maepiskopi ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397, konkuno ku Africa, inawawerengera pamodzi ndi ena onse. Msonkhano wa ku Trent unangotsimikiza mndandandawo mu 1546, atsogoleri a Chiprotestanti atasankha kutsatira mndandanda wa Chihebri. Za Pasaka nazo si chinsinsi: limagwa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, n'chifukwa chake limayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Pofuna kukonza mawerengedwe omwewa Papa Gregory XIII anasintha kalendala mu 1582, anthu a ku Roma n'kugona Lachinayi pa 4 Okutobala, kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Kalendala imene yapachikidwa m'nyumba mwanu ndi yomweyo. Kodi mwana wakwaya atamva zimenezi angathawe mumpingo, kapena angayambe kunyadira kwawo?

Tsono pali mfundo ina imene imachokera mbali ziwiri zosiyana. Akunja amati musatinamize, Mpingo wanu ndi umene unkaletsa mabuku. Ena a m'kati amanena zomwezo koma moyamikira: makolo athu m'chikhulupiriro ankadziwa kuti kutanthauzira Malembo ndi ntchito ya ansembe, mkhristu wamba ake ndi kolona ndi kumvera ulaliki. Mbiriyi sitingaibise. Kuyambira 1559 panali mndandanda wa mabuku amene Mkatolika sankaloledwa kuwerenga popanda chilolezo, ndipo unathetsedwa mu 1966 pa nthawi ya Papa Paul VI. Mu 1633 Galileo anazengedwa mlandu n'kutsekeredwa m'nyumba moyo wake wonse wotsala chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo mu 1992 Papa John Paul II anavomera poyera kuti oweruza aja analakwitsa. Komabe mbiri yomweyi ikutsutsa amene akuigwiritsa ntchito. Ngati Mpingo unachotsa lamulolo zaka zoposa 50 zapitazo, wa pampando wa mphakati walitenga kuti lamulo lake? Msonkhano waukulu wachiwiri wa Vatican unalamula mu 1965 kuti khomo la Malembo Oyera litsekulidwe kwa akhristu onse. Papa Francis anaika mu 2019 Lamulungu lachitatu la nyengo ya pachaka kukhala Lamulungu la Mawu a Mulungu. Ndipo kale kwambiri, Jerome Woyera, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, ananena kuti kusadziwa Malembo ndi kusadziwa Khristu. Munthu woletsa kuwerenga m'dzina la mwambo wa Mpingo akuteteza mwambo umene eni ake anausiya.

Kuwonjezera apo, Mpingo womwewo umene unalakwira Galileo ndi umene unalera Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustine Woyera ku Brno, amene anafesa nsawawa m'dimba la amonke n'kutulukira mmene maonekedwe a makolo amapitira kwa ana. Ana athu a sekondale amalemba za iye pa mayeso a bayoloje osadziwa kuti ankavala mkanjo. Maganizo akuti chilengedwe chonse chikufutukuka, amene pambuyo pake anatchedwa Big Bang, anawalemba mu 1927 ndi Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Papa Leo XIV, wa chipani chomwecho cha Mendel, digiri yake yoyamba inali ya masamu. Kunonso kwathu amishonale sanabwere ndi belu lokha. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, anayamba ndi sukulu, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Likuni ndi ku Balaka. Baibulo la Malembo Oyera linatuluka mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira limodzi, linatuluka mu 1998. Anthu sangavutike zaka zambiri kumasulira Baibulo m'Chichewa n'cholinga choti lizikhala pa guwa lokha.

Nanga za kutanthauzira? Apa ndikuvomereza kuti munthu akhoza kuwerenga yekha n'kusochera, ndipo timipingo tina timene tikubadwa masiku ano tinayamba ndi munthu mmodzi, vesi limodzi ndi kudzikhulupirira. Koma taonani nkhani ya nduna ya ku Etiopiya pa Ntchito za Atumwi mutu 8. Filipo anaipeza ikuwerenga mneneri Yesaya, n'kuifunsa ngati ikumvetsa. Ndunayo inayankha kuti ingamvetse bwanji popanda woifotokozera. Filipo sanailande bukulo, anakwera m'galeta n'kuyambira pa ndime yomwe ija. Mphunzitsi amakhala ndi poyambira ngati wophunzirayo wawerenga kale n'kukakamira penapake. Komanso tiyeni tinene zoona za chiwerengero cha ansembe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 17 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi Akatolika, kutanthauza anthu pafupifupi 3 miliyoni. Matchalitchi ambiri a kumudzi saona wansembe Lamulungu lililonse, mapemphero amatsogolera ndi akatekisiti ndi akhristu eni ake. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, cholinga chinali Mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha. Mphakati umene otsogolera ake sawerenga sungachite chilichonse mwa zitatuzi, umangokhala komiti yotolera mtulo ndi yokonza za maliro.

Mfundo yolemera kuposa zonsezi ndi ya umphawi, ndipo iyi ndiyofunika kuikhalira pansi. Amati inu olemba m'manyuzi mumaiwala kuti munthu wa kumudzi akusaka ya fetereza, ya sopo ndi ya fizi, buku aligula ndi chiyani? Amatinso akhristu ambiri achikulire sadziwa kuwerenga n'komwe, koma ndi amene amadzaza tchalitchi pa Misa ya m'mawa, ndi amene amayendera odwala, ndipo chikhulupiriro chawo chimaposa cha ife otchula zaka ndi mayina a misonkhano. Pamenepa sinditsutsa ngakhale pang'ono. Kumwamba sikulowedwa ndi setifiketi, ndipo gogo wogwira kolona amene sanapondeko m'kalasi akhoza kutitsogolera tonse. Koma funsani kuti gogoyo nkhani ya mwana wolowerera anaidziwa bwanji. Anaimva wina akuwerenga mokweza. Chikhulupiriro cha osadziwa kuwerenga chimadyera m'manja mwa odziwa kuwerenga, ndiye odziwawo akachita ulesi, gogo uja ndi amene amayamba kugona ndi njala. Kuwerenga kwa Chikatolika kuyambira kale n'kwa pagulu: mmodzi agwira buku, makumi amvetsera, kenako akambirana.

Dziko lino lili ndi umboni wa mphamvu ya kuwerenga kotereku. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Inakamba za malipiro ochepa, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi za ufulu wolankhula. Inali kabuku kochepa, kosindikizidwa ku Balaka. Boma linaigamula kuti ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, makina amene anaisindikiza anatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu kusankha zipani zambiri. Ambiri mwa amene anamva kalata ija sakanatha kuiwerenga okha, koma anaimvetsa bwino lomwe. Chodabwitsa n'chakuti maepiskopi athu akulembabe makalata, koma tikangomva kamodzi pa Misa timathera pomwepo. Ndi miphakati ingati imene imasunga makalatawa n'kumawabwereza chisankho chikayandikira?

Za ndalamazo, tiyeni tisanamizane. Parishi yomweyo imene imati ilibe ya mabuku imapeza ya nsalu yatsopano pa chaka chilichonse cha chikondwerero, ndipo banja limodzi limagula zitatu. Timachita Pepa Sande ya mpanda, ya galimoto ya abambo mfumu, ya matailosi. Sindikunyoza zimenezi, nsalu ya parishi ndimaikonda nanenso. Ndikungoti vuto si kusowa kwa ndalama kokha, koma kuti buku silinalowepo pa mndandanda wa zinthu zimene timaziona ngati zofunika. Ndipo chifukwa chakuti munthu payekha sangakwanitse kugula, n'chifukwa chake ndikukamba za mabuku a parishi. Buku limodzi logulidwa ndi gulu likhoza kuzungulira mabanja makumi awiri pa chaka.

Achinyamata ali ndi yankho lawo: zonse zili pa foni. N'zoona kuti Baibulo, katekisimu ndi makalata a Apapa zimapezeka pa intaneti mwaulere, ndipo Radio Maria ndi Luntha TV zikuphunzitsa anthu ambiri. Foni si mdani. Koma zambiri mwa zolembedwazo zili m'Chingerezi, bando imatha, ndipo chimene chimafika chokha pa foni ya mkhristu si katekisimu ayi. Ndi kakanema ka mneneri wolosera tsiku la imfa ya munthu wotchuka, kapena uthenga woti Amayi Maria aonekera kwinakwake, tumizani kwa anthu khumi kuti mudalitsidwe. Amene amatha kuzindikira kuti izi n'zabodza ndi amene anazolowera kukhala pansi ndi nkhani yaitali mpaka kuimaliza. Ngati pali ntchito imene madayosizi angagwire pa foni, ndiyo kumasulira zolemba za Mpingo m'Chichewa chomveka n'kuzifalitsa kumeneko, m'malo mongotumiza zithunzi za misonkhano.

Patsala gulu limene limandivomereza theka. Amati mabuku a Mpingo inde, koma nthano, ndakatulo ndi mabuku a anthu osapemphera n'kutaya nthawi, mwinanso n'chiopsezo. Malemu Papa Francis anawayankha anthu amenewa m'kalata yake ya pa 17 Julayi 2024, yonena za ubwino wowerenga nthano ndi ndakatulo. Poyamba ankafuna kulembera a m'maseminale okha, koma anaona kuti nkhaniyi ikukhudza mkhristu aliyense. Iye mwini anaphunzitsapo phunziro limeneli pa sukulu ya Ajezuwiti ku Santa Fe, m'dziko la Argentina, mu 1964 ndi 1965. Mfundo yake inali yakuti wowerenga nthano amaphunzira kumvetsera mawu a munthu wina ndi kuona dziko ndi maso a mnzake. Ganizirani wa pampando wa mphakati amene akuweruza nkhani ya mtsikana wotenga mimba ali pasukulu, kapena ya banja limene likutha. Lamulo akhoza kulidziwa, koma ngati sanalowepo m'mtima mwa munthu wosiyana naye, chigamulo chake chimakhala chouma. Paulo atafika ku Atene, pa Ntchito 17:28, anatchula mawu a alakatuli a Agiriki, kusonyeza kuti anawawerenga. Ali m'ndende anapempha Timoteo kuti amubweretsere mwinjiro umene anausiya ku Troasi, pamodzi ndi mabuku. Augustine Woyera, mwana wa kumpoto kwa Africa, anayamba kufunafuna nzeru ali ndi zaka 19 atawerenga buku la Cicero, munthu amene anamwalira Yesu asanabadwe. Ndipo ku Mua, Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso, mu 1976 chifukwa chofuna kumvetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo gule wamkulu amene amishonale akale ankangomuthira nkhondo. Chidwi chotere ndi chimene chinabweretsa ng'oma ndi zosema zathu m'tchalitchi.

Izi sizikutanthauza kuti buku lililonse ndi labwino kwa aliyense. Alipo mabuku onyansa, alipo abodza, ndipo mwana wa zaka 10 sapatsidwa zimene angawerenge bambo wake. Kusankha kumafunika. Koma wosankhira ena ayenera kukhala woti anawerengapo, osati woopa chikuto.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Kabati imodzi pa parishi, ndipo pamene zingatheke bokosi limodzi pa tchalitchi chilichonse cha kumudzi. M'katimo mukhale Mabaibulo angapo a Chichewa okhala ndi mabuku onse 73, katekisimu, makalata a maepiskopi kuyambira ya 1992 ija, mbiri za oyera, mbiri ya dziko lathu, mabuku a zaulimi ndi zaumoyo, nthano za alembi athu ndi mabuku a ana. Akhristu a m'tauni amene mabuku awo akudyedwa ndi chiswe m'makatoni apereke. Chopereka chachiwiri cha Lamulungu la Mawu a Mulungu, limene limagwa mu Januwale, chipite ku kabati imeneyi. Kiyi asakhale mu ofesi ya abambo mfumu, chifukwa anthu amachita manyazi kugogoda kumeneko, ndipo abambowo amakhala ali ku matchalitchi ena. Asunge ndi achinyamata awiri kapena mphunzitsi wopuma pantchito, atsekule ikangotha Misa, ali ndi kope lolembamo wobwereka ndi mphakati wake. Ndikudziwa kuti wina mu khonsolo ya parishi adzaimirira n'kunena kuti mabukuwo adzasowa. Ena adzasowadi, ena adzabwerera atanyowa ndi mvula kapena atathothoka masamba. Mipando ya pulasitiki imene timabwereketsa pa maukwati ndi pa maliro nayo imasowa ndi kuthyoka chaka chilichonse, koma bajeti ikamakonzedwa timaikamo ndalama yogulira ina popanda mkangano. Mabuku alembedwe pa mzere wotsatira.